Kuphunzira pop shove-it: thabwa lizungulire, inu muterepo

Ngati mwafika poti skateboard, thabwa la mateyala anayi lija, mumayendetsa osanjenjemera, mumakhota, mumaima pomwe mwafuna, ndipo ollie yanu, kudumpha pamodzi ndi thabwa osaligwira ndi manja, imachokako pansi ngakhale pang'ono chabe, nthawi yakwana yoti thabwa liyambe kuzungulira pansi pa mapazi anu. Poyambira pake ndi pop shove-it. Mumamenyetsa mchira wa thabwa, nsonga yake yakumbuyo, pansi, thabwalo n'kudumpha, n'kuzungulira madigiri 180 lili chogona momwemo osagadabuka, inu muli m'mwamba, kenako mumateranso pomwepo ulendo n'kumapitirira. Mukatera, mbali yomwe inali kumbuyo imakhala yabwera kutsogolo.

Mwa ife ochepa amene timasewera ndi matabwawa kuno ku Salima, ambiri akangodziwa ollie amathamangira kickflip, yomwe thabwa limagadabuka lonse m'mwamba n'kubwereranso, poti ndiyo imakoma kuonera m'makanema a pa foni. Ine ndimawauza kuti ayambe adikira. Kickflip imafuna kuti phazi lakutsogolo likhule thabwa ulendo uliwonse, ndipo pamwamba pa thabwa pali griptape, yomwe kwenikweni ndi sandipepala womata. Nsapato yomwe mwachita kusankha movutikira pa kaunjika ku Kamuzu Road imabooka cha pa chala chaching'ono musanaone n'komwe thabwa likugadabuka bwino. Pop shove-it sidya nsapato chotero. Koposa apo, imakuphunzitsani chinthu chomwe ollie sinakuphunzitseni, chomwe ndi kulola thabwa lichoke kumapazi kwanu, lichite zake, inu n'kulipezanso. Maluso ambiri ozunguliritsa thabwa amachokera pamenepa, kuphatikizapo 360 flip, yozunguliritsa thabwa kathunthu likugadabuka, yomwe Rodney Mullen wa ku America anayambitsa m'zaka za m'ma 1980. Ngakhale akatswiri a ku Olympics, komwe masewerawa analowa koyamba ku Tokyo mu 2021, phazi lawo lakumbuyo limachita zomwe muphunzire panozi, kungoti iwo amachita mwamphamvu ndi mwachangu.

Pop shove-it ilipo mitundu iwiri. Tiyamba ndi yomwe amati backside, imene phazi lakumbuyo limakankhira mchira kumbuyo kwanu. Ndiyo yosavuta kwa anthu ambiri.

Malo, tsache ndi sipanala

Salima ndi wamchenga, ndipo mchenga ndi timiyala sizigwirizana ndi skateboard. Mateyala ake ndi aang'ono, ambiri amakhala mamilimita 52 mpaka 54, komanso ndi olimba, moti kamwala kochepetsetsa kamawaimitsa nthawi yomweyo inu n'kupitirira nokha chamutu. Funani simenti yosalala: bwalo la netibolo lomwe anathira simenti, khonde lalitali la sukulu ana ataweruka, kapena pabwalo la tchalitchi mkati mwa sabata. Koma pemphani kaye. Pitani kwa ahedi kapena kwa alonda, perekani moni, aonetseni thabwalo ndi kuwafotokozera zomwe mukufuna kuchita. Mchira ukamamenya simenti phokoso lake limamveka patali, ndipo munthu yemwe sanauzidwe amangoti mukuswa khonde. Mukaloledwa, sesani malo onse omwe muyendepo, osati pomwe mudumphire pokha. M'miyezi ya June ndi July mwera ukamaomba mudzasesa kangapo tsiku limodzi, ndipo musatope nazo.

Msewu wa M5 ndi uja wopita ku Senga Bay amakopa chifukwa cha phula, koma si malo ophunzirira luso ili. Pophunzira, thabwa limathawa kawirikawiri, ndipo limathawira komwe lafuna, kaya ndi pansi pa lole kapena kutsogolo kwa njinga ya kabaza yomwe yanyamula mayi ndi mwana. Za nthawi, mukudziwa kale mmene October ndi November amatenthera kuno. Sewerani m'mawa dzuwa lisanakwere kapena madzulo likapendeka, botolo la madzi lili pafupi. Miyendo yotopa ndi kutentha sidumpha mokwanira, ndipo ndi pomwe anthu amabinya.

Thabwa lionedwe musanayambe. Ligwedezeni pafupi ndi khutu. Ngati mukumva kulira kwa chitsulo, mabawuti ena amasuka. Okonza njinga ali ndi zonse zofunika: sipanala 13 imamanga nati ya teyala, 14 imamanga nati yaikulu ya pakati pa truck, chitsulo chija chogwira mateyala pansi pa thabwa. Nati yaikuluyo imangeni pang'ono kuposa mmene mumakondera poyenda, kuti thabwa lisamapendekeke mukaima pa zala. Mukadzazolowera mudzaimasulanso.

Pomaliza tengani choko, mulembe mtanda waukulu pa griptape cha kumchira. Mudzaona ntchito yake posachedwa.

Mapazi

Phazi lakumbuyo likhale pa mchira, koma osati lonse. Pondani ndi kutsogolo kwa phazi, paja pansi pa zala, chidendene chili m'mwamba. Lisunthireni chakumphepete, kumbali yomwe zala zaloza, mpaka nsonga ya nsapato itulukire pang'ono kwambiri. Apa pali kusiyana ndi ollie, yomwe mumaponda pakati penipeni pa mchira. Musapitirize muyeso: zala zikatulukira kwambiri n'kukoleka m'mphepete, thabwa limagadabuka m'malo mozungulira chogona.

Phazi lakutsogolo likhale kumbuyo pang'ono kwa mabawuti anayi akutsogolo, zala zitapendekera chakumphuno, nsonga yakutsogolo ya thabwa, ndipo phazi lonse likhale pathabwa. Thupi lilemere mofanana pa miyendo yonse iwiri. Mapewa atsatane ndi thabwa, lina kumphuno lina kumchira. Maso ayang'ane pakati pa thabwa, cha pa phazi lakutsogolo.

Kwa amene amatsogoza phazi lamanzere, thabwa lizungulira motsatira mivi ya wotchi mukaliyang'ana kuchokera pamwamba. Kwa otsogoza lamanja, lizungulira mobwerera. Onse awiri mchira umapita kumbuyo kwawo, mphuno n'kudutsa kutsogolo kwa zala.

Kupalasa

Luso lonseli lili m'phazi lakumbuyo, ndiye pano tikhalitsapo.

Munaonapo nkhuku ikupalasa pansi kufuna chakudya. Imaponda ndi zala, n'kukankhira dothi kumbuyo mwachidule, mwendo osapita patali. Phazi lanu lakumbuyo lichite zomwezo pa mchira. Likankhe pansi kuti mchira umenye simenti, ndipo pa nthawi yomweyo lipalasire kumbuyo. Anthu ambiri amazigawa pawiri, kumenya kaye kenako kupalasa, koma zikatero thabwa limakhala lachoka kale kuphazi, lopalasa palibe. Kumenya ndi kupalasa ndi chinthu chimodzi. Phazi limatsika chopendekera, kupita pansi ndi kumbuyo limodzi.

Mphamvu yake imachokera m'kakolo, osati m'ntchafu. Mukaponya mwendo wonse kumbuyo, thabwa lizungulira ndithu, koma phazilo likhala lapita kutali moti silibwerera msanga kudzatera. Komanso thabwa la skateboard ndi lopepuka, ndipo theka la mzunguliro silifuna mphamvu zambiri. Ambiri oyamba kumene amapalasa mopitirira.

Yambani muli chiimire, thabwa lisakuyenda. Phazi lakutsogolo liikeni pansi, kumbali ya chidendene, patali ndithu kuti mchira ukamabwera usakugundeni. Phazi lakumbuyo lokha likhale pa mchira. Menyani ndi kupalasa, muone zomwe thabwa lichite. Musaganize zodumpha kapena zotera. Ntchito yanu pano ndi kuyang'ana mtanda wa choko uja. Ngati wachoka kumbuyo n'kukaima kutsogolo ndendende, thabwa litagwa pa mateyala onse anayi, mwapalasa bwino. Ngati waimira m'mbali, onjezerani pang'ono. Ngati wapitirira, chepetsani. Ngati thabwa lagwa chagada, bwezani zala mkati. Mvetseraninso kulira kwake. Mchira ukamenya bwino umalira kuti pha! kamodzi, mowuma. Ukamalira mokhwekhwereza ndiye kuti mukuukoka pansi m'malo moumenya.

Chitani zimenezi mpaka phazi lidziwe lokha muyeso wake. Zimaoneka zosasangalatsa, makamaka anzanu akamadumpha inu mukungopalasa, koma munthu amene wapirira apa savutika kutsogoloku. Ngati thabwa ndi limodzi ndipo mumabwerekana, gawo ili ndi labwino kuchita pamodzi: wina apalase, wina anjute patsogolo n'kumamuuza pomwe mtanda waimira.

Phazi lakutsogolo ndi mapewa

Tsopano kwerani ndi mapazi onse awiri. Pindani mawondo, menyani ndi kupalasa monga munachitira, ndipo dumphani. Phazi lakutsogolo lili ndi ntchito yochepa koma yovuta kuisunga: linyamuke molunjika m'mwamba, lipatse thabwa mpata wozungulira, lidikire pomwepo. Lisakhule thabwa monga pa ollie, lisakankhe mphuno, lisathawire kumbuyo. Likhale pafupi ndi griptape, moti nthawi zina mumamva thabwa likukhudza pansi pa nsapato likamazungulira. Kuyandikira kumeneko ndi kumene kumaletsa thabwa kugadabuka.

Poyamba terani ndi phazi lakutsogolo lokha, lakumbuyo ligwere pansi. Cholinga ndi kuphunzira kuligwira thabwa: mtanda ukangofika kutsogolo, phazi litsike pa mabawuti, kuzungulira kuthere pomwepo. Koma ndikuchenjezeni, musakhalitse pa gawo ili. Thupi limazolowera msanga kuti phazi lakumbuyo malo ake ndi pansi, ndipo chizolowezi chimenechi chimavuta kuchotsa kuposa kuphunzira luso lenilenilo. Mukaona kuti kugwira kwayamba kutheka, sinthani: terani ndi lakumbuyo, lakutsogolo ligwere pansi. Izi zimaphunzitsa phazi lopalasa kubwerera.

Mapewa asatembenuke. Phazi likamapalasira kumbuyo, thupi limafuna kutsatira, ndipo phewa lakutsogolo limatseguka kapena kutsekeka inu osadziwa. Chozungulira ndi thabwa, inu ayi. Ngati mukutera mutapotoka, tambasulani manja pang'ono, lina kumphuno lina kumchira, muwasunge momwemo mpaka mutatera.

Kudumphira pomwe thabwa likupita

Chomwe chimasokoneza anthu ambiri n'chakuti thabwa silizungulira pamalo amodzi. Pa backside limasunthira kutsogolo kwanu pang'ono, kumbali ya zala. Mukadumpha molunjika, mumatera ndi zala zokha m'mphepete mwa thabwa, kapena kulisemphiratu. Jambulani mzere wa choko pansi, muike thabwa pamzerepo, mupalase, kenako muone pomwe lagwera. Mtunda umenewo ndi womwe muyenera kudumphira kutsogolo. Kawirikawiri ndi wochepa, wosaposa kutalika kwa phazi lanu. Mukamazolowera umachepa, chifukwa phazi lakutsogolo limayamba kulisunga thabwa pansi panu.

Mawondo akwere. Musadumphe miyendo ili chowongoka, chifukwa mumatsika thabwa lisanamalize. Kokerani mawondo kuchifuwa, mudzipatse kanthawi m'mwamba.

Apa ndi pomwe mantha amalowa, ndipo si manyazi. Thupi likukana kutera pa chinthu chomwe chikuyenda ndipo chili ndi mateyala. Njira zolinyengerera zilipo. Gwirani mzati wa khonde kapena mpanda ndi manja onse, mudumphe mutagwira, kuti mapazi alawe kutera onse awiri. Kapena mnzanu aime kutsogolo kwanu akugwireni m'manja, iye atatalikitsa miyendo yake kuopa mphuno ya thabwa. Ena amayambira pa kapinga, pomwe thabwa silingathawe. Kapinga amathandiza kuchotsa mantha a tsiku loyamba, koma mchira sulira pa udzu ndipo thabwa silidumpha bwino, choncho bwererani pa simenti msanga.

Musanadumphe, tsimikizani mumtima kuti mapazi onse awiri akutera pathabwa, kaya mugwa kaya simugwa. Kuvulala kwambiri pa luso ili kumabwera munthu akasintha maganizo ali m'mwamba, phazi lina pathabwa lina pansi, miyendo n'kutang'adza.

Kuchita mukuyenda

Mukatera kangapo muli chiimire, yambani kuyenda. Ambiri amadabwa kuti kuyenda kumapeputsa zinthu: thabwa limazungulira mosavuta, ndipo mukatera mateyala amangopitiriza ulendo m'malo moterereka kutsogolo kapena kumbuyo. Liwiro likhale la munthu woyenda pansi mofulumirako. Kankhani kamodzi kapena kawiri, ikani mapazi m'malo mwake mosathamanga, dikirani thabwa likhazikike. Pindani mawondo msana uli chowongoka, osaweramira kutsogolo. Pokwera, menyani ndi kupalasa, nyamulani mawondo, maso ali pa griptape. Mtanda ukafika kutsogolo, phazi lakutsogolo ligwire, lakumbuyo litsatire nthawi yomweyo.

Terani pa mabawuti, phazi lina pa anayi akutsogolo, lina pa anayi akumbuyo. Pamenepo ndi pomwe thabwa ndi lolimba, poti pansi pake pali truck. Kutera pakati kumathyola thabwa, ndipo kutera kunsonga kumathyola mchira kapena kukuponyani chagada. Kwa ife kuno thabwa likathyoka si nkhani ya mawa kupeza lina, ndiye chizolowezi chotera pa mabawuti chiyambe lero. Mukatera pindani mawondo kwambiri, thupi litsike, kenako muwongoke pang'onopang'ono mukupita.

Kumbukirani kuti tsopano mwaponda mphuno kumbuyo. Pa matabwa ambiri mphuno ndi yaitaliko pang'ono ndipo ndi yokwera kuposa mchira, choncho ikamenya pansi imamveka mosiyana. Musatsike kukatembenuza thabwa ndi manja. Chitani pop shove-it ina kuchokera pamphunopo kuti libwerere. Mukatero mumazolowera mbali zonse ziwiri, ndipo thabwa limatha mofanana m'malo moti mchira wokha usongoke.

Zikamakanika

Thabwa likamagadabuka kapena kugwa cham'mbali, yang'anani kaye zala za phazi lakumbuyo. Nthawi zambiri zimakhala zakoleka m'mphepete. Zibwezereni mkati pang'ono. Ngati zikupitirirabe, ndiye kuti phazi lakutsogolo likuthawa msanga n'kulisiya thabwa lopanda choliyang'anira, kapena laponda ndi zala zokha chidendene chili kunja. Kugwa cham'mbali n'koopsa chifukwa mumatera pa mpeni wa thabwa, ndipo kakolo amapindika. Mukaona pansi pa thabwa mukadali m'mwamba, tambasulani miyendo mutere pansi, thabwa ligwere pakati.

Likamathawira kutsogolo komwe mukupita, inu n'kukhala pansi, thupi linalemera kumbuyo. Izi zimachitika munthu akamaganizira kwambiri za mchira mpaka mutu wake n'kusunthira komweko. Mutu ukhale pakati pa mapazi awiri kuyambira popinda mawondo mpaka potera. Likamatsalira kumbuyo, mwaweramira kumphuno.

Likamazungulira bwino koma osachoka pansi, mukupalasa popanda kumenya. Imeneyo ndi shove-it wamba, ndipo si yolakwika. Ena amayamba nayo dala kuti azolowere kuzungulira. Koma kuti ikhale pop shove-it, mchira ulire. Chotsani kulemera pa phazi lakutsogolo kamphindi kochepa musanamenye, kuti mphuno ipeze mpata wokwera.

Vuto lomwe limasautsa kwambiri ndi la phazi lakumbuyo lomwe limakana kukwera. Zonse zikuyenda, thabwa likuzungulira bwinobwino, phazi lakutsogolo likugwira, koma linalo lili pansi ulendo uliwonse. Zifukwa zake ndi ziwiri. Mwina mukuponya mwendo kutali popalasa, ndiye fupikitsani, kakolo yekha agwire ntchito, ndipo phazi likangomenya likwere m'mwamba nthawi yomweyo. Kapena ndi mantha aja avala chizolowezi. Mankhwala ake ndi kubwerera ku mzati, kutera ndi onse awiri mutagwira mpaka thupi likhulupirire, kenako kugwira ndi dzanja limodzi, kenako ndi chala. Pemphani mnzanu akujambuleni pa foni kuchokera m'mbali, foniyo ili pansi pafupi ndi simenti. Zomwe mumaganiza kuti miyendo yanu ikuchita ndi zomwe ikuchitadi zimasiyana kwambiri, ndipo kanema wa masekondi ochepa amaonetsa zomwe mnzanu sangathe kufotokoza.

Tsiku lina zimangokana zonse. Siyani, yendani chabe, chitani ma ollie, mudzayesenso mawa. Kukakamira mutatopa kumangophunzitsa miyendo zolakwika.

Kugwa

Mugwa ndithu, ndipo thabwa likumenyani pa msongolo, poti likamazungulira mphuno yake imadutsa pomwepo. Valani buluku lalitali ndi sokosi zokhuthala. Amene ali ndi zotchingira msongolo za mpira wamiyendo avale, zimagwira ntchito bwino lomwe. Nsapato ikhale yophwatalala pansi ndi yomanga zingwe. Patapata ndi phazi lopanda nsapato ayi, griptape imasupula khungu. Chipewa choteteza mutu, ngakhale cha njinga, ndi chofunika, makamaka kwa ana, chifukwa thabwa likathawira kutsogolo chomwe chimafika pansi ndi nkhongo.

Pogwa musatsamire dzanja lowongoka, ndi mmene mikono imathyokera. Pindani zigongono, bisani chibwano, mugubuduke paphewa. Yesezani zimenezi pa kapinga kapena pamchenga popanda thabwa. Mukabinya kakolo, lekani kusewera tsiku limenelo, ikani chinthu chozizira chokulunga m'nsalu, mwendo muukweze. Ngati simukutha kuponda, kapena patupa kwambiri, kapena mwamenyetsa mutu n'kumamva chizungulire kapena kusanza, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Osangosisita n'kumadikira.

Thabwa lisataye kulira kwake

Thabwa labwino limapangidwa ndi timapepala ta mtengo wa maple, kawirikawiri 7, tomatidwa pamodzi. Madzi akalowa, limafewa, mchira n'kusiya kulira, ndipo pop shove-it imasanduka ntchito yolemetsa. Nthawi ya dzinja musasewere pa simenti yonyowa. Mukapita kunyanja ku Senga Bay, thabwa lisatsike nanu kumchenga, chifukwa mchenga ukalowa m'ma bearing mateyala amayamba kukukuta n'kuima msanga. Akayamba kulira, achotseni, muwapukute, mudonthezeremo dontho limodzi kapena awiri a mafuta a makina osokera, omwe atelala amakhala nawo. Girizi wa njinga ndi wolemera, amachedwetsa teyala. Musalisiye padzuwa tsiku lonse kapena pamalo a chinyezi. Griptape ikadzaza fumbi phazi lopalasa limaterereka, ndiye itsukeni ndi burashi youma.

Mbali inayo, kenako 360

Backside ikayamba kutheka kawirikawiri mukuyenda, tembenukirani ku frontside. Apa phazi lakumbuyo limakankhira mchira kutsogolo kwanu. Lisunthireni chapakati pa mchira kapena chakumbali ya chidendene, zala zisatulukire. Menyani pansi molunjika, n'kukankhira kutsogolo pang'ono chabe. Frontside imadalira kumenya kuposa kupalasa, n'chifukwa chake imakwera m'mwamba mosavuta. Chovuta chake n'chakuti thabwa limasunthira kumbuyo kwanu, komwe simukuona bwino, ndiye muyenera kudumphira chakumbuyo, kumbali ya chidendene. Mzere wa choko uja ukuthandizaninso kudziwa mtunda wake. Alipo ena omwe frontside imawabwerera msanga kuposa backside. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, yambani nayo, palibe lamulo.

Ya 360 ndi backside yomweyo, thabwa litazungulira kathunthu mpaka mtanda ubwerere kumbuyo komwe unachokera. Phazi lakutsogolo libwerere kumbuyo pang'ono, chapakati pa thabwa, kuti mphuno ipepuke. Onjezerani liwiro, pindani mawondo kwambiri, ndipo kupalasa kukhale kwamphamvu ndi kotalikirapo, kosesa pansi chozungulira. Chovuta ndi kudikira. Miyendo yanu yazolowera kugwira thabwa pa theka, ndiye idzatsika yokha mtanda ukafika kutsogolo. Sungani mawondo m'mwamba, muulole udutse, mugwire ukabwerera. Thabwa lidzasunthiranso kutsogolo kwanu kuposa kale, choncho dumphirani patsogolo ndithu.

Popalasa mwamphamvu chotere thabwa limakonda kupendekeka, nthawi zina mpaka kugadabuka lonse. Likatero musaonjezere mphamvu. Bwezani zala mkati, phazi lakutsogolo liyandikire griptape, ndipo bwererani ku chiyambi chija, phazi limodzi pansi lina pa mchira, mpaka muone mtanda ukuzungulira kathunthu thabwa lili chogona n'kugwa pa mateyala onse anayi. Mukatero kwerani ndi onse awiri.